Timu ya baseball ikagulitsa woponya wake wamkulu, phindu limawerengedwa bwanji?

Pa 31 Julaye 2018, tsiku lotseka msika wa osewera mu ligi yaikulu ya baseball ku America, timu ya Pittsburgh Pirates inatenga woponya mpira Chris Archer kuchokera ku Tampa Bay Rays. Ochemerera a ku Pittsburgh anasangalala kwambiri, ndipo anali ndi chifukwa. Timu yawo imadziwika ndi kuumira. Mu Januwale chaka chomwecho inali itagulitsa osewera ake awiri otchuka, Gerrit Cole ndi Andrew McCutchen, choncho kumva kuti tsopano ndiyo ikugula munthu wa dzina kunali ngati kutulo. Ku Tampa kunapita anyamata awiri, Tyler Glasnow ndi Austin Meadows, komanso wachitatu amene matimuwo anagwirizana kuti adzamutchula pambuyo pake. Patatha masabata awiri zinadziwika kuti ndi Shane Baz, mnyamata wa zaka 19. Lero malondawa amatchulidwa pakati pa malonda opweteka kwambiri amene Pirates inachitapo. Funso langa si lakuti anapindula ndani, poti yankho lake aliyense akulidziwa. Ndikufuna tione ngati munthu akanatha kuziona tsiku lomwelo, komanso zimene akanayenera kuwerengera.

Mu ligiyi muli matimu 30, ndipo iliyonse imasewera masewero 162 pa chaka, pafupifupi tsiku lililonse kuyambira kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo mpaka kumapeto kwa Seputembala. Woponya amaima pakachulu pakati pa bwalo, mamita 18 kuchokera pamene pali womenya, ndipo mpira uliwonse umayambira m'manja mwake. Amene amayambitsa masewero amaponya mipira pafupifupi 90 kapena 100, mkono n'kutopa, ena n'kumalizitsa. Akatero amapuma masiku anayi. N'chifukwa chake timu imasunga oyambitsa asanu olandizana, ndipo aliyense akakhala wathanzi amayambitsa masewero 32 kapena 33 pa chaka. Anthu oti angachite zimenezi bwino chaka ndi chaka ndi ochepa kwabasi, ndiye mtengo wawo sutsika.

Amene anazolowera mpira wamiyendo ayenera kuiwala kaye zoti timu imatulutsa ndalama n'kugula wosewera. Mu baseball munthu amasinthidwa ndi munthu, ndipo wosewerayo amapita ndi kontirakiti yake momwe ilili. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Wosewera akalowa mu ligi yaikulu amakhala m'manja mwa timu yake mpaka atakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Zaka zitatu zoyamba amalandira malipiro otsikitsitsa, omwe mu 2018 anali madola 545,000 pa chaka. Zaka zitatu zotsatira malipiro amakwera, ndipo akalephera kumvana ndi timu amakawaweruza anthu apadera, komabe ndalamazo sizifika pa mtengo wa pamsika. Akamaliza zaka zisanu ndi chimodzizo m'pamene amakhala mfulu n'kupita kwa amene walonjeza zambiri. Choncho pamene akuluakulu a matimu akuimbirana mafoni, sakufunsana kuti uyu ndi katswiri kapena ayi, izo amazidziwa kale. Akufunsana kuti watsala ndi zaka zingati asanamasuke, ndipo zakazo adzadya ndalama zingati.

Tikamuyeza Archer ndi muyeso umenewu, timvetsa chifukwa chake anali wodula. Mu 2014 anasaina kontirakiti ya zaka zisanu ndi chimodzi ya madola 25.5 miliyoni, ndipo timu inali ndi ufulu womusunga zaka zina ziwiri, 2020 pa madola 9 miliyoni ndi 2021 pa madola 11 miliyoni. Yerekezani ndi woponya mnzake Jake Arrieta, amene chaka chomwecho cha 2018 anasaina ndi Philadelphia zaka zitatu pa madola 75 miliyoni, kutanthauza 25 miliyoni chaka chimodzi. Ndalama zimene Arrieta ankalandira pa chaka zinali pafupifupi zofanana ndi za Archer za zaka zisanu ndi chimodzi. Pirates sinkagula miyezi iwiri yokha. Inkagula zaka zitatu ndi theka za munthu wa zaka 29, amene anasankhidwapo kawiri m'gulu la akatswiri a ligi, mu 2015 ndi 2017, pa mtengo woti timu yosauka ingakwanitse.

Akatswiri owerengera ali ndi njira yosandutsira zonsezi kukhala nambala imodzi. Amayamba ndi muyeso wotchedwa WAR, womwe umayesa kuti wosewera wawonjezera zipambano zingati pa chaka poyerekeza ndi munthu wamba amene timu ingangomutola m'maligi aang'ono. Woyambitsa wapakatikati amapereka ziwiri, wabwino zinayi, ndipo amene akupikisana nawo pa mphoto ya Cy Young, yomwe amapatsa woponya wopambana onse m'chigawo chilichonse mwa zigawo ziwiri za ligi yaikuluyi, amafika zisanu ndi chimodzi kapena kuposa. Kenako amaona kuti pamsika wa osewera omasuka chipambano chimodzi chikugulidwa pa ndalama zingati. M'zaka zimenezo ambiri ankawerengera madola pafupifupi 8 miliyoni. Tiyerekeze munthu amene akupereka zipambano zitatu pa chaka koma akulandira madola 9 miliyoni. Ntchito yake pamsika ndi ya 24 miliyoni, ndiye timu ikutsala ndi phindu la 15 miliyoni chaka chilichonse. Phindu lotsalalo, mukaliwonkhetsa pa zaka zonse zimene zatsala, ndiwo mtengo weniweni wa munthuyo pa malonda. Katswiri wamkulu amene watsala ndi miyezi iwiri ndipo akulandira ndalama zankhaninkhani angathe kutsika mtengo kuposa wapakatikati wotsala ndi zaka zinayi. Ochemerera zimenezi zimawakwiyitsa, chifukwa iwo amaona dzina.

Mbali inayo ndiyo yovuta. Mnyamata wa m'maligi aang'ono amabwera ndi zaka zake zisanu ndi chimodzi zosakhudza, zotsika mtengo, koma palibe akudziwa ngati adzaphule kanthu. Ambiri mwa anyamata otamandidwa amathera m'njira, makamaka oponya, chifukwa chigongono sichinalengedwe kuti chizitulutsa mpira pa liwiro la makilomita 155 pa ola. Mtsempha wake ukaduka pamafunika opaleshoni yotchedwa Tommy John, potengera woponya amene dokotala Frank Jobe anamuchita koyamba mu 1974, ndipo munthu amakhala kunja chaka chathunthu kapena chaka ndi theka. Ndiye mtengo wa mnyamata umapezeka pophatikiza zonse zimene zingachitike: mwina adzakhala katswiri, mwina wamba, mwina sadzaoneka n'komwe. Timu yogulitsa imakonda kutenga atatu kapena anayi pofuna kuti mmodzi yekha akapsa, malonda akhale atabweza.

Tsopano tibwerere ku manambala a Archer, chifukwa m'menemo munali mkangano. Muyeso wakale wa woponya ndi ERA, womwe umaonetsa ma run (zigoli za baseball) amene adani amapeza kwa iye pa ma inning asanu ndi anayi alionse, omwe ndi masewero amodzi athunthu, ndipo ukachepa ndiye kuti zili bwino. Mu 2015 Archer anali pa 3.23. Mu 2016 anakwera kufika 4.02, mu 2017 anali pa 4.07, ndipo pamene ankagulitsidwa anali pa 4.31. Zaka zitatu zotsatizana pamwamba pa 4 si za katswiri wamkulu. Koma omukonda ankaloza kwina. Ankatulutsa omenya ambiri ndi strikeout, pamene womenya walephera katatu kumenya bwino mpira: 252 mu 2015, 233 mu 2016 ndi 249 mu 2017, ndipo zaka zitatu zonsezo anaponya ma inning oposa 200 osavulala. Pali muyeso wina, FIP, womwe umangowerengera zimene woponya amalamulira yekha osadalira anzake ogwira mpira kumbuyo, ndipo umenewo unkamuonetsa wabwino kuposa ERA yake. Maganizo anali akuti mnyamatayu wangosowa mwayi, komanso akuvutika chifukwa chokumana kawirikawiri ndi New York Yankees ndi Boston Red Sox. Akasamukira ku chigawo china cha ligi, kumene kuli Pirates, zinthu zidzawongoka. Ine ndimati tsoka la chaka chimodzi ndi tsoka ndithu, koma likafika chaka chachitatu pamafunika kufunsa ngati si momwe munthuyo alili. Archer ankadalira kwambiri mitundu iwiri ya kaponyedwe, mpira waliwiro ndi wokhota wotchedwa slider, ndipo womenya akamuona kachitatu tsiku limodzi amakhala atamuzolowera.

Nanga amene anaperekedwa anali otani tsiku limenelo? Glasnow, chimunthu chachitali mamita awiri, anali atakhumudwitsa anthu. Mu 2017 ERA yake inali 7.69, mpira sunkapita kumene akufuna, ndipo mu 2018 timu inali itamuchotsa pa oyambitsa n'kumuika pa omalizitsa. Meadows, womenya amene Pirates inamusankha pa nambala 9 m'dziko lonse mu 2013, ankavulalavulala. Baz anasankhidwa pa nambala 12 mu 2017 ndipo anali kutali ndi ligi yaikulu. Aliyense payekha anali ndi chilema choti ungaloze. Koma kuwaphatikiza, Pirates inkapereka zaka zoposa 15 za anthu atatu amene iyo yomwe inawaona kuti ndi amtengo wapatali, posinthana ndi zaka zitatu ndi theka za munthu mmodzi. Ngakhale pa masamu a tsiku lomwelo, mtengowo unali wokwera.

Pali china chimene masamuwa sachigwira bwino, ndipo kwa ine n'chimene chimapweteka kwambiri pa nkhaniyi. Wosewera yemweyo sakhala ndi mtengo umodzi ku matimu onse, chifukwa matimu saphunzitsa mofanana. Aphunzitsi a ku Pittsburgh m'zaka zimenezo ankakonda kuti oponya azitsitsa mpira pansi kuti womenya augunditse pansi, agwidwe msanga. Njirayi inawathandizapo kale, koma masewero anali atasintha. Woponya Gerrit Cole anali ndi ERA ya 4.26 mu 2017 ali ku Pirates. Atafika ku Houston Astros anamuuza kuti aziponya mpira wake waliwiro m'mwamba ndi kuchulukitsa yokhota, ndipo mu 2018 anatsika kufika 2.88. Mu 2019 anatulutsa omenya 326, kenako Yankees inamupatsa madola 324 miliyoni pa zaka zisanu ndi zinayi. Pamene Pirates inkagula Archer, Cole anali ataonetsa kale miyezi inayi kuti vuto silinali mkono wake. Chenjezo linalipo, loonekeratu: musanagulitse mnyamata wina wa mkono wamphamvu amene akukukanikani, dzifunseni ngati wolephera ndi iye kapena inu. Glasnow atafika ku Tampa anamubwezera pa oyambitsa nthawi yomweyo, ndipo mu 2019 anali ndi ERA ya 1.78 pa masewero 12. Chaka chomwecho Meadows anamenya ma home run 33, mipira youluka mpaka kunja kwa bwalo, n'kusankhidwa m'gulu la akatswiri.

Funso lomaliza pa tsiku la malonda ndi lakuti timu yogulayo yaima pati. Chipambano chimodzi sichilemera mofanana kwa onse. Timu imene ipambane masewero 70 ikawonjezera atatu, palibe chasintha. Imene ili pa 88 ikawonjezera atatu omwewo, ingalowe m'ndime ya chipulula, ndipo kumeneko chilichonse chimatheka. Pirates inali itangopambana masewero 11 otsatizana mu Julaye, mitima inali m'mwamba, komabe inali pambuyo pa Chicago Cubs ndi Milwaukee Brewers m'gulu lake. Masabata awiri okoma anaiwalitsa akuluakulu kuti miyezi isanu ndi umodzi yapitayo iwo omwe anaweruza kuti timuyi sinakonzeke. Anadya mfulumira. Chaka chinatha atapambana 82 n'kugonja 79, kunja kwa chipulula. Mu 2019 anapambana 69 okha, ndipo mphunzitsi wamkulu Clint Hurdle ndi mkulu wogula osewera Neal Huntington anachotsedwa ntchito. Archer anayambitsa masewero 33 ali ku Pittsburgh, ERA yake 4.92.

Koma tisathamangire kunena kuti wopereka anyamata ndiye wopusa nthawi zonse. Mu Ogasiti 1987 Detroit Tigers inali pa mpikisano woopsa ndi Toronto Blue Jays. Inatenga woponya Doyle Alexander, bambo wa zaka 36, kuchokera ku Atlanta Braves, n'kupereka mnyamata wa zaka 20 amene zinkamuvuta m'maligi aang'ono. Alexander anapambana masewero 9 osagonja ngakhale amodzi, ERA yake 1.53, ndipo Detroit inatenga gulu lake pa tsiku lomaliza. Popanda iye sizikanatheka. Mnyamata uja anali John Smoltz, amene anakhala ku Atlanta zaka 20, anatenga Cy Young mu 1996 ndipo mu 2015 analowetsedwa m'nyumba ya ulemu ya baseball. Mukawonkhetsa WAR, Detroit inaberedwa masana. Mukafunsa ngati inapeza chimene inkafuna, inachipeza ndithu. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kungoti m'ndime yotsatira inagonja kwa Minnesota Twins, Alexander yemweyo n'kugonja kawiri, ndiye anthu a ku Detroit mpaka lero sagwirizana chimodzi. Kusiyana kwake ndi Pirates n'kwakuti Detroit inalidi pakhomo, ndipo inapereka mnyamata mmodzi, osati atatu.

Nkhani ya woponya Chris Sale ikuonetsa mbali ina, ya timu yogulitsa imene inachita zonse molondola papepala. Mu Disembala 2016 Chicago White Sox inamupereka ku Boston ali ndi zaka zitatu zotsika mtengo, n'kulandira anyamata anayi, kuphatikizapo Yoán Moncada, amene ambiri ankamuika patsogolo pa anyamata onse a m'maligi aang'ono, ndi Michael Kopech, woponya waliwiro loopsa. Olemba nkhani anaombera m'manja White Sox. Sale anatulutsa omenya 308 mu 2017, ndipo mu 2018 ndiye anaponya mpira womaliza pamene Boston inatenga chikho cha World Series, ndime yomaliza ya ligi yonse. Moncada anawala chaka chimodzi, 2019, kenako kuvulala kunamuchulukira. Kopech anachitidwa Tommy John mu 2018. White Sox inalowa chipulula mu 2020 ndi 2021 n'kutuluka pa ndime yoyamba, ndipo mu 2024 inagonja masewero 121. Kodi analakwitsa kugulitsa Sale? Ine ndikuti ayi. Ndi zimene zinkadziwika mu 2016, mtengo unali woyenera, ndipo anyamatawo kukanika kukula ndi mlandu wina. Pali msampha winanso apa. Mu 2019 Boston inapatsa Sale kontirakiti yatsopano ya madola 145 miliyoni, iye n'kuvulala zaka zotsatizana. Ena amaphatikiza zimenezo pa malonda a 2016, koma n'kulakwa: malondawo anagula zaka zitatu basi, zinazo chinali chisankho chatsopano.

Nthawi zinanso phindu limabisala mwa munthu amene palibe anamulabadira. Mu Julaye 2008 Cleveland inagulitsa woponya CC Sabathia ku Milwaukee atatsala ndi miyezi itatu yokha. Dzina lalikulu limene inalandira linali Matt LaPorta, ndipo sanaphule kanthu. Wotchulidwa pambuyo pake anali Michael Brantley, amene anakhala mzati wa timuyo zaka khumi. Sabathia naye anapambana 11 n'kugonja 2, ERA 1.65, n'kulowetsa Milwaukee m'chipulula koyamba chichokereni 1982, asanapite ku Yankees. Amenewa ndi malonda oti mbali zonse ziwiri zingawakumbukire popanda kuwawidwa mtima.

Tampa Bay ili ndi chizolowezi chimene chimachititsa kuti kuwerengera phindu kusathe msanga: sidikira kuti wosewera amalize zaka zake n'kuchoka chimanjamanja. Imamugulitsa atatsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, n'kuyambiranso ndi wina wamng'ono. Archer yemweyo anabwera choncho. Mu Novembala 2007 timuyi inapereka Delmon Young ku Minnesota n'kulandira woponya Matt Garza. Garza ataigwirira ntchito zaka zitatu, mu Januwale 2011 inamupereka ku Cubs, ndipo m'gulu la amene anabwera munali Archer. Archer anabala Glasnow, Meadows ndi Baz. Mu Epulo 2022 Meadows anapita ku Detroit posinthana ndi Isaac Paredes, amene anamenya ma home run 31 mu 2023 asanagulitsidwenso ku Cubs mu 2024. Glasnow, malipiro ake atafika madola 25 miliyoni, anapita ku Los Angeles Dodgers mu Disembala 2023, n'kubweretsa woponya wachinyamata Ryan Pepiot. Zili ngati mbuzi imodzi imene khola lonse latuluka mwa iyo. Komabe pamafunika kusamala pano, chifukwa msinthano uliwonse wotsatira ndi nzeru zatsopano, ndipo sitingaunjike zonse pa mutu wa amene analakwitsa mu 2018.

Tinenenso chilungamo kuti zimene Rays inalandira sizinali zopanda banga. Glasnow sanaponyepo ma inning oposa 120 pa chaka ali ku Tampa, anachitidwa Tommy John mu 2021, ndipo Baz anatsatira mu 2022. Meadows sanabwerezenso chaka chonga 2019. Rays inafika m'ndime yomaliza mu 2020 koma inagonja kwa Dodgers, ndipo chikho sinachitengebe. Amene amati chikho chokha ndicho muyeso anganene kuti Boston ndi Sale wake inapindula kuposa Tampa ndi nzeru zake zonse, ndipo sindingakangane nawo kwambiri.

Archer sanasewere n'komwe mu 2020. Anachitidwa opaleshoni ya mitsempha ya pakati pa khosi ndi phewa. Kumapeto kwa chaka Pirates inakana kumusunga pa madola 11 miliyoni aja, ndipo mu Febuluwale 2021 anasaina chaka chimodzi pa madola 6.5 miliyoni ndi timu yomwe inamugulitsa ija. Chaka chimenecho iye, Glasnow, Meadows ndi Baz onse anayi anavala yunifomu ya Tampa Bay, yomwe inapambana masewero 100. Pittsburgh inagonja 101.